Bokosi la vinyo wa ku Langhe patapita miyezi

Amene akufuna kulawa vinyo wofiira wa ku Piemonte, kumpoto chakumadzulo kwa Italy, ayambe ndi Barbera, Barolo abwere pambuyo. Ndikutero nditatha miyezi yambiri ndikutsegula pang'onopang'ono bokosi limene ndinagula kwa banja lina lolima mphesa pafupi ndi La Morra, mudzi wa m'dera la Langhe ku Piemonte komweko. Munali mitundu itatu: Barbera d'Alba, Langhe Nebbiolo ndi Barolo.

Barbera ndiye anayamba kutha, ndipo sindikudabwa. Ndi wowawasira bwino, samanga mkamwa, ndipo sasankha ndiwo. Pasitala wa tomato, soseji yokazinga, ngakhale nyemba, zonse amapita nazo. Anthu a kumeneko amamwa ameneyu masiku wamba. Botolo lotsegula likagona mufiriji, mawa lake limakhala lidakali bwino.

Nkhani ili pa Nebbiolo. Mphesa imeneyi imachedwa kupsa, amakolola mu Okutobala, ndipo vinyo wake amanyenga maso: mutambula amaoneka wotuwa, wofiirira ngati wosungunula, koma ukangomwa chabe amaumitsa mkamwa ngati nthochi yaiwisi. Pamimba yopanda kanthu sasangalatsa ayi. Amasintha akakumana ndi mafuta. Ndinamuyesa ndi tajarin, pasitala woonda wa kumeneko amene amakanda ndi zachikasu za mazira zambiri, nditangothira batala ndi tchizi. Kuuma kuja kunazimiririka, kununkhira kwa maluwa ouma ndi zipatso zofiira kunatulukira. Apa m'pomwe umamvetsa chifukwa chake khitchini ya ku Langhe ndi yolemera chonchi: nyama ya ng'ombe yophikidwa maola ambiri m'vinyo, imene amati brasato, ndi agnolotti del plin, timatumba ta ufa todzaza nyama totsina ndi zala. Vinyoyu ndi chakudyachi zinakulira limodzi.

Bagna cauda yokha, msuzi wotentha wa adyo, mafuta a olivi ndi tinsomba tamchere wosunsamo masamba, imamugonjetsa Nebbiolo. Pamenepo bwererani kwa Barbera.

Barolo nayenso ndi Nebbiolo yemweyo, wopanda kusakaniza, koma wochokera m'midzi 11 yokha, monga Barolo, La Morra, Serralunga d'Alba ndi Monforte d'Alba. Lamulo limati akhale miyezi 38 asanagulitsidwe, 18 mwa imeneyo ali m'migolo yamatabwa. Banja lomwe linandigulitsa limagwiritsa ntchito migolo ikuluikulu yachikale, osati ing'onoing'ono ya malita 225 imene alimi achinyamata anabweretsa m'zaka za m'ma 1980, mkangano umene unagawanitsa mabanja. Elio Altare, mmodzi mwa achinyamatawo, mpaka anacheka migolo ya bambo ake ndi sowo ya injini. Ine ndili mbali ya migolo ikuluikulu, chifukwa fungo la thabwa siliphimba mphesa.

Ngakhale zili choncho, Barolo wanga adakali mwana. Botolo limodzi ndinalitsegula madzulo, linali lotseka pakamwa, lopanda chonena. Linayamba kumveka tsiku lotsatira litapuma mpweya. Otsalawo ndawagoneka chammbali pansi pa kabati, pamdima, kuti chitsekerero chisaume, ndipo adikira zaka zingapo. Ngati nyumba yanu imatentha kwambiri ndipo mulibe malo ozizira, ndalama za Barolo musaziwononge. Langhe Nebbiolo amakupatsani kukoma kofananako pamtengo wotsika kwambiri, ndipo safuna kudikiridwa.

Chodandaulitsa n'chimodzi: botolo lina la Nebbiolo linatuluka ndi fungo la katoni yonyowa, vuto la chitsekerero lomwe limachitika apo ndi apo. Linathera m'sinki, chifukwa ngakhale mumphika fungolo limatsatira.

Ndikadzaitanitsanso, theka la bokosi lidzakhala Barbera, kotsalako Langhe Nebbiolo, mwina ndi Dolcetto mmodzi, vinyo wina wofiira wa kumeneko, woti ndilawe.