Kampira ka tow bar kakakanirira: jockey wheel, nyundo, mafuta, kapena kusuntha galimoto?

Tinafika ku Senga Bay dzuwa litapendeka, titakoka kalavani, ngolo yogonamo, kuchokera ku Lilongwe kudzera msewu wa M14. Malo amene anatipatsa anali amchenga komanso okwera pang'ono, ndiye ndinaikankha chambuyo mpaka inalowa pansi pa mtengo, n'kuzimitsa injini. Chogwirira chotsegulira mutu wa kalavani, umene umagwira kampira kachitsulo ka pa tow bar (chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa galimoto), chinakana kukwera. Ndinakoka ndi manja awiri, chili gwa. Pasanathe mphindi zisanu panali patasonkhana anthu anayi, aliyense ndi nzeru yake. Wina akuti pukusani jockey wheel, katayala konyamulira kutsogolo kwa ngolo, kuti mutuwo ukwere wokha, wina wathamangira nyundo, wina watulutsa kachitini ka mafuta opopera a Q20. Bambo wina wachikulire amene anaimika ngolo yake ya Venter chapafupi anangoti, "Achimwene, tchingani matayalawo ndi miyala, mukasunthe galimoto kutsogolo pang'ono pokha." Njira zonsezi ndaziyesapo pa zaka zimene ndakhala ndikukoka, ndipo mphamvu zake n'zosiyana kutalitali.

Kuti timvetsetsane, tiyambe taona mkati mwa mutuwo. Uli ngati chisoti chovindikira kampira. Kutsogolo kwake kuli mlomo wopindikira kunsi kwa kampirako, ndipo kumbuyo kuli kachitsulo koyenda, kamene ine ndimangokatcha chibwano. Mukakweza chogwirira, chibwanocho chimabwerera m'mbuyo kuti kampira kapeze mpata wotulukira. Mpatawo ndi wochepa kwambiri. Kampira kakapanda kukhala pakati penipeni, sikatuluka. Ndiye nthawi zambiri vuto si dzimbiri monga ambiri amaganizira. Ndi galimoto ndi ngolo zimene zikukankhana kapena kukokana ngakhale zonse zaima.

N'chifukwa chake njira ya bambo aja ndimaiika patsogolo pa zonse. Siidya ndalama, siwononga chitsulo, ndipo imapita pa gwero la vuto. Chofunika n'kudziwa mbali yosunthira, ndipo mutuwo umakuuzani wokha. Ngati chogwirira chikukana kukwera, kawirikawiri kampira kapanikiza chibwano, zimene zimachitika mukamaliza ndi livesi monga ndinachitira ine pamchenga paja. Pamenepo pitani kutsogolo. Ngati chogwirira chakwera bwinobwino koma mutu sukuchoka, ndipo mukamapukusa jockey wheel mukuona kumbuyo kwa galimoto kukunyamuka nawo, ndiye kuti kampira kakodwa pansi pa mlomo wakutsogolo uja. Pamenepo bwererani m'mbuyo. Kusuntha kwake ndi kwa zala ziwiri kapena zitatu basi, ndipo matayala a ngolo akhale otchingidwa mbali zonse ziwiri musanakhudze giya. Pamalo athyathyathya nthawi zina sipafunikanso kuponda mafuta. Kungoika nyutilo, kumasula buleki kamphindi kuti galimoto ipeze pokhazikika, kenako n'kukoka hendibuleki, n'kokwanira. Anzanga a magalimoto a otomatiki, dziwani kuti mukaika pa P n'kuchotsa phazi pa buleki musanakoke hendibuleki, galimoto imagwedera pang'ono, ndipo kugwedera komweko n'kumene kumamanga kampira.

Pali chinanso pa ngolo zokhala ndi mabuleki odzigwira zokha, zija zolemera kupitirira makilogalamu 750 zimene malamulo a ku South Africa ndi ku Britain amafuna kuti zikhale ndi mabuleki. Mutu wake umalowa ndi kutuluka ngati pampu. Mukaikankha chambuyo umakhala utafinyika, ndipo mukauchotsa ulipomwepo umatha kuvumbuluka n'kumenya bampala. Kupita kutsogolo pang'ono kumauwongola. Hendibuleki ya ngolo zoterezi muziikoka mpaka pamapeto, chifukwa ikangochokera pa livesi ngolo imatha kutsetserekera m'mbuyo mabuleki asanagwire.

Tsopano jockey wheel. Anthu ambiri amayambira apa chifukwa dzanja lili kale pa chopukusira. Pa ntchito yake yeniyeni, yonyamula mutu womasuka kale, palibe choiposa. Imathandizanso kupepukitsa katundu amene wakhala pa kampira, moti kuikweza pang'ono chabe nthawi zina kumamasula chogwirira. Koma kuipukusa mokakamiza kuti izule mutu wokanirira n'kolakwika, ndipo ndimadandaula ndikaona anthu akuchita zimenezi ana ataima pafupi. Zimene mukunyamula pamenepo ndi kumbuyo kwa galimoto yonse. Masipuling'i amatambasuka, kachitsulo komanga jockey wheel pa ngolo kamapsinjika ndi katundu amene sanakapangire, ndipo mutu ukadzamasuka umamasuka ndi mkokomo: galimoto imagwa, ngolo imadumpha. Pamchenga ndiye vuto lake n'lina, katayala kamangomira pansi m'malo mokweza chilichonse, pokhapokha mutaikapo thabwa. Mukangoona bampala yayamba kukwera, imani, tsitsani, mukasunthe galimoto.

Njira yofanana nayo ndi ija yoti munthu aponde pa tow bar kapena pa sitepe ya kumbuyo n'kunjanja. Pa kangolo kopepuka konyamula matumba a chimanga imagwira ndithu, chifukwa kugwedezako kumabweza kampira pakati. Pa kalavani yolemera sindiikonda. Phazi la munthu limakhala pafupi kwambiri ndi chitsulo chimene chidumphe mosadziwika nthawi.

Mafuta ali ndi malo ake, koma malo akewo ndi ochepa kusiyana ndi mmene timawakhulupirira. Q20 kapena WD-40 amathandiza ngolo imene yakhala panja dzinja lonse, chibwano ndi kasipuling'i kake zitauma ndi dzimbiri ndi fumbi. Mumathira kunsi, n'kumagwedeza chogwirira mpaka chiyambe kuyenda. Mutu wopanikizika chifukwa cha kukankhana sumva mafuta ngakhale mutathira chitini chonse. Girisi pang'ono pa kampira ndi wabwino pa mitu wamba, amachepetsa kudyeka ndi kulira, ngakhale pa misewu yafumbi amasonkhanitsa mchenga ndipo amafunika kupukuta pafupipafupi. Koma chenjerani ndi makalavani okhala ndi mutu woletsa kugwedezeka, monga wa AL-KO AKS kapena Winterhoff. Mkati mwa mitu imeneyi muli timapadi tofinya kampira ngati mabuleki, ndipo kampira kake kamayenera kukhala kouma, kopanda girisi ngakhale penti. Mnzanu wofuna kuthandiza akathiramo mafuta, timapadito tatha ntchito, mukagule tina. Mitu ya AL-KO AKS ili ndi chogwirira chachikulu chofinyira, ndipo chimenechi chimayamba kumasulidwa chisanakwezedwe chaching'ono chotsegulira. Ndaonapo munthu akulimbana ndi chaching'onocho thukuta lili kamukamu, chachikulu chikadali pansi.

Nyundo ndiye ayi. Kugogoda pang'ono m'mbali ndi kamtengo kapena nyundo ya labala kuti chibwano chouma chigwedezeke, ndingavomere. Kumenya chogwirira ndi nyundo yachitsulo kapena kuchipana ndi chitsulo chochotsera matayala kumapinda mbali yomweyo imene imagwira ngolo yanu mukamatsika mapiri. Mutu wambiri wa ngolo zing'onozing'ono ndi chitsulo chopyapyala chongopinda pa makina. Ukapindika lero, mawa sutseka mokwanira, ndipo zimenezo simuziona ndi maso mpaka tsiku limene uchoke pamsewu.

Amene tow bar yawo ili ndi chitsulo cholowetsa mu bowo la ngodya zinayi, chomangidwa ndi pini, ali ndi njira ina yothawira. Amatchinga matayala, amatsitsa jockey wheel kuti inyamule katundu, amazula pini, n'kuyendetsa galimoto kutsogolo pang'onopang'ono, chitsulo ndi kampira zikutsalira ku ngolo. Kampira kakachoka pa galimoto kamangogwa kokha mukatsegula chogwirira, ndiye sungani mapazi. Vuto lake n'lakuti kukankhana komwe kwamanga kampira kumathanso kumanga piniyo. Matcheni ndi waya wa magetsi muchotse musanayende. Pa tow bar zomanga ndi mabawuti, zimene n'zofala kuno, njirayi palibe.

Ngati mutu umakanirira tsiku lililonse, ngakhale pamalo athyathyathya, musavutike ndi njira zonsezi. Yang'anani nambala yodindidwa pa kampira ndi pa mutu. Ngolo za ku South Africa ndi ku Ulaya zimagwiritsa ntchito kampira ka mamilimita 50. Ka ku America ka mainchesi 2 ndi mamilimita 50.8. Ndi maso n'zofanana, koma mutu wa 50 ukakhala pa kampira ka mainchesi 2 umalowa mokakamiza n'kukana kutuluka, ndipo mutu wa mainchesi 2 pa kampira ka 50 umakhala wolobodoka, zimene n'zoopsa koposa. Mitu ina ili ndi nati kunsi yosinthira kuthina kwa chibwano. Wina akaimanga mopitirira pofuna kuthetsa phokoso, imagwira kampira mopanda mpata. Ibwezeni pang'onopang'ono ndi sipanala, mukuyesa pa kampira, mpaka chogwirira chizitseka molimba koma ndi dzanja limodzi.

Tsiku lija ku Senga Bay tinaika miyala iwiri ku tayala lililonse, ndinaliza injini, n'kusuntha mpaka bambo aja atakweza dzanja. Sindikukhulupirira kuti matayala anazungulira ngakhale theka la chikhatho. Nditabwerera kumbuyo chogwirira chinakwera ndi zala ziwiri, tinaika thabwa pansi pa jockey wheel, ndipo mutu unachoka pa kampira mwakachetechete. Matcheni tinawamasula pomaliza, titatsimikiza kuti kalavani yakhazikika pa miyala ija.