Wobera m'gemu amuweruze ndani, osewera anzake kapena eni gemu?

Aliyense amene watenthapo bandulo pa gemu ya pa intaneti anakumanapo naye munthu uyu. Amakuona uli kuseri kwa khoma, chipolopolo chake sichiphonya mutu, ukamufunsa akutukwanira makolo. Umadina batani lomuneneza, kenako zii. Kodi dandaulo lako liyenera kugwera m'manja mwa yani? Makampani ayesapo njira zingapo, ndipo zina mwa izo zimapereka ndodo kwa ife osewera.

Ndiyambe ndi bwalo la osewera, chifukwa ndi pamene pali nkhani. A Riot Games, eni ake a League of Legends, anatsegula bwalo lotere mu 2011, n'kulitcha Tribunal. Wosewera amene wafika patali m'gemu ankapatsidwa mlandu wa munthu amene ambiri amudandaula. Ankawerenga zimene zinalembedwa pamacheza a masewerowo, n'kuvota kuti munthuyo alangidwe kapena akhululukidwe. Kutsekeratu akaunti kunkadikira ogwira ntchito a Riot, koma zina zonse zinali m'manja mwa gulu. Ganizo labwino, koma linali ndi mbuna ziwiri. Poyamba woweruza ankalandira mapointi a m'gemu akavota mofanana ndi ambiri. Tsono wofuna mapointi awerengerenji? Akudziwa kale kuti ambiri ofika pabwalo ndi olakwadi, ndiye amangodina kuti alangidwe, mlandu wina ubwere. Mbuna yachiwiri inali kuchedwa. Akulu amati mlandu suwola, koma wa m'gemu umawola. Chilango chikafika patatha milungu, wotukwana uja waiwala zimene ananena, ndipo wasokoneza kale masewero ena ambirimbiri. Mu 2014 bwalolo analitseka ati akulikonza, ndipo silinabwererenso.

A Valve, eni ake a Counter-Strike, anamanga bwalo lawo mochenjera kuposa pamenepo. Mu 2013 anaika Overwatch mu Counter-Strike: Global Offensive (musasokoneze ndi gemu ya Blizzard ya dzina lomwelo). Apa woweruza sankawerenga macheza, ankaonera vidiyo ya mphindi pafupifupi 10. Maina onse ankabisidwa, woimbidwa mlandu ankangotchedwa "The Suspect", mawu a osewera sankamveka. Funso lake linali lopapatiza: kodi wathandizidwa ndi pulogalamu polunjika mfuti, poona kuseri kwa makoma, kapena akuwononga dala masewero a timu yake? Umboni ukakhala woperewera, unkayenera kunena choncho. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti woweruzayo nayenso ankaweruzidwa. Pakati pa milandu ankaponyamo ina imene chigamulo chake chinkadziwika kale, ndipo voti ya munthu wolasa bwino inkalemera kuposa ya wongodina. Dota 2, gemu ina ya Valve, inatengera njira yomweyi mu 2021.

Njira ina ndi yosankha anthu ochepa akhale alonda. Mu RuneScape, a Jagex amaitana okha osewera amene awaona kuti ndi akhalidwe. Munthu wotere amakhala ndi kachisoti kasiliva pambali pa dzina lake, salipidwa, anapatsidwa mphamvu yomutseka pakamwa wotukwana kwa kanthawi, ndipo lipoti lake limaonedwa msanga. Kutseka akaunti sangathe. Ali ngati nyakwawa, amaziziritsa mkangano pomwepo koma nkhani yaikulu imapita kwa mfumu.

Apa ndi pamene ifeyo tili, kungoti nyakwawa zathu zilibe mfumu pamwamba pake. Ndikunena mipikisano ya mpira wa pafoni imene timakonza m'magulu a WhatsApp, aliyense n'kusonkhako kangachepe. Adimini ndiye wolemba malamulo, wosunga ndalama, woweruza, ndipo nayenso ali mumpikisano momwemo. Ine zinandionekera. Ndikutsogola 2-0, netiweki ya mnzanga inaduka chakumapeto, adimini n'kugamula kuti tiyambirenso pa 0-0. Sabata yotsatira zomwezo zinachitikira msuweni wake akutsogola, ndipo chigamulo chinali chakuti wotsogola wapambana. Ukadandaule kwa yani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Za kuvota kuti wina achotsedwe masewero ali mkati sindichedwapo. Mu Counter-Strike anzako anayi amene alowa pamodzi angathe kukuthamangitsa iwe wachisanu chifukwa choti wawaposa kapena sukulankhula chilankhulo chawo. Umenewo si mlandu, n'chipongwe.

Kwatsala makina a kampani. Mu 2015 a Riot anabweretsa pulogalamu yowerenga macheza n'kupereka chilango patangopita mphindi ngati 15 masewero atatha. Mu 2023 a Activision anaika ToxMod mu Call of Duty kuti izimvetsera zolankhula za osewera, ndipo chaka chomwecho Xbox inayamba kuwerengera zolakwa, zikakwana 8 munthu amaletsedwa macheza ndi kusewera ndi ena kwa chaka. Liwiro lilipo, ndipo makina alibe msuweni. Koma ToxMod inayamba ndi Chingerezi chokha. Inu ndi ine tikudziwa kuti chitukwano chenicheni cha pa Ndirande kapena Chawama sichituluka m'Chingerezi. Ndipo ngakhale makinawo ataphunzira mawu athu, adzasiyanitsa bwanji munthu wonyoza mlendo ndi anthu awiri a pachisuweni amene akusereulana? Ndi khutu la wosewera mnzathu lokha lingamve kusiyanako.

Komabe pali manambala amene anandichepetsa pang'ono ine wokonda bwalo la osewera. Mu 2018 John McDonald wa ku Valve anafotokoza za VACnet, pulogalamu imene inaphunzira kuzindikira obera poona zigamulo za oweruza a Overwatch. Pa milandu yochokera ku madandaulo a osewera, 15 mpaka 30 mwa 100 ndiyo inkapezeka ndi wolakwa. Pa milandu yotumizidwa ndi VACnet, inali 80 mpaka 95 mwa 100. Tanthauzo lake n'lowawa. Ambiri a ife tikadina batani lija sitinaone kubera ayi, tangogonja basi. Koma taonaninso mbali inayi: amene ankataya milandu yabodzayo anali osewera omwewo, atakhala pansi mtima uli m'malo, maina atabisidwa. Munthu yemweyo ndi mboni yoipa pamasewero ake koma woweruza wabwino pamasewero a mlendo. Mwina n'chifukwa chake Counter-Strike 2, yolowa m'malo mwa Global Offensive, inatuluka mu 2023 popanda bwalo lotsegukira aliyense, koma makina ake anakulira pa zigamulo za anthu.

Ndiye ine ndikasankha, nditenga njira ya Valve pa nkhani ya kubera, ya Jagex pa nkhani ya pakamwa, ndipo kiyi wotsekera akaunti akhale kwa amene sakupikisana nawo. Kumagulu athu zimenezi zingatheke popanda pulogalamu iliyonse. Lamulo la netiweki yoduka lilembedwe ndalama isanasonkhedwe, linene mphindi yake ndi zigoli zake. Wosunga ndalama asasewere. Mlandu uzionedwa ndi anthu atatu amene atuluka kale mumpikisano, chithunzi cha zotsatira chitafufutidwa maina.

Kubisa mainako ndiye kumavuta, ndikuvomereza. Pagulu la anthu 20 tonse tikudziwa amene sasiya Real Madrid ndi amene amasewera ndi oteteza asanu ngakhale akutsogola 4-0. Ife tinapangana ndi gulu lina la ku Zomba kuti milandu yathu azigamula iwo, yawo tizigamula ife. Mpaka pano tatumizirana itatu, ndipo umodzi ndinagonja ndine.