Nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza ku Salima: thandizo lilipo, koma pogona palibe

Nthambi ya polisi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, yomwe ambiri amangoitcha Victim Support, ndi malo amene ndingalimbikitse mayi aliyense wozunzidwa m'banja kuti apiteko. Pa ofesi ina m'boma la Salima, komwe ndinaperekeza mnansi wanga atatupa diso, wapolisi wamkazi anamulowetsa m'kachipinda kapadera, natseka chitseko, ndipo anamumvetsera mpaka kumapeto osamufunsa kuti iyeyo analakwa chiyani. Anamulembera kalata yopita nayo kuchipatala popanda kulipiritsa, kenako anamufotokozera kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limamulola kupempha bwalo la majisitireti chikalata choletsa mwamunayo kumuopseza kapena kumuyandikira. Anakumbutsanso kuti wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV.

Chimene chinandidetsa nkhawa ndi chakuti dzuwa litapendeka, mayiyo analibe kolowera kupatula nyumba yomwe anathawamo, chifukwa malo ogona ongoyembekezera panalibe. Ndinaonanso kuti liwu loti "mwakambirana kale ndi ankhoswe?" limatuluka msanga, chonsecho unkhoswe, ngakhale ndi mwambo wabwino, sungaweruze mlandu wovulaza munthu.

Mtunda nawonso ndi vuto, pakuti mayi wakumudzi kwa Khombedza kapena kwa Pemba amafunika ndalama ya kabaza, imene nthawi zambiri imakhala m'thumba la womumenyayo. Amene sangathe kuyenda ayambe waimba nambala yaulere ya 5600 yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo akamapita atenge buku lakuchipatala.