Nile Red amaonetsa mafuta m'tinyama tam'nyanja, koma musamukhulupirire yekha

Nile Red ndi utoto wa ufa wofiirira moderako umene umabwera m'kabotolo kakang'ono, ndipo kabotoloko kamakhalitsa chifukwa ufawo umafunika pang'ono zedi. Ine ndimaugwiritsa ntchito mu labotale poyang'ana mafuta a m'thupi la ma copepod, tinyama ta m'nyanja yamchere ta mtundu wa nkhanu, tambiri mwa ito totalika pafupifupi milimita imodzi kapena ziwiri. Chimene ndimafufuza n'chakuti mankhwala oipitsa madzi akalowa m'kanyama kotere, mafuta ake amapita kuti.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Ufawo susungunuka m'madzi, ndiye mumayamba mwausungunula m'mankhwala osungunulira monga acetone kapena DMSO, kenako n'kudonthezera pang'ono m'madzi amchere osefa momwe muli tinyamato. Mumatisiya mumdima kwa kanthawi, n'kutitsukuluza, n'kutiika pa maikulosikopu ya kuwala kwa buluu. Ubwino wa utotowu uli apa: ukakhala m'madzi suwala kwenikweni, koma ukangolowa m'mafuta osungidwa umawala chikasu changati golide, pamene pa zikutiro za maselo umaoneka wofiira. Asayansi otchedwa Greenspan, Mayer ndi Fowler ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1985, ndipo mpaka pano sindinapeze njira yachangu kuposa iyi. Kanyamako sikafunika kuphedwa kaye ngati mmene zimakhalira ndi utoto wina wa mafuta wotchedwa Oil Red O. Mumakaona kali moyo, timiyendo tikuphiriphitha, timadontho ta mafuta titandandalikana m'mbali mwa matumbo.

Chimene chimandichititsa kuti ndiziukonda utotowu ndi nkhani ya tributyltin, kapena kuti TBT. Mankhwalawa ankawasakaniza mu penti wa pansi pa sitima kuti nkhono ndi ndere zisamamatire. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anawononga ulimi wa nkhono zodyedwa za oyisitala ku Arcachon m'dziko la France, ndipo dzikolo linawaletsa pa maboti ang'onoang'ono mu 1982. Pangano la IMO, bungwe loona za sitima zapanyanja, loletsa pentiyu padziko lonse linavomerezedwa mu 2001, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2008, koma TBT akadalipo m'matope a m'madoko ambiri. Mu 2006 asayansi Grün ndi Blumberg anaika TBT m'gulu la mankhwala onenepetsa, chifukwa amamatirira pa mapuloteni a RXR ndi PPAR gamma amene amalamula maselo kuti asunge mafuta. Tinyama ta mtundu wa nkhanu tilibe PPAR koma RXR tili naye. Mu 2015 gulu la Carlos Barata ku Barcelona linagwiritsa ntchito Nile Red yemweyu pa Daphnia magna, kachibale ka ma copepod ka m'madzi opanda mchere, ndipo linapeza kuti TBT amachititsa mafuta kuunjikana m'thupi la mayi m'malo mopita m'mazira. Ana obadwa m'mazirawo anali ofooka.

Apa m'pamene munthu wongoyamba kumene amasochera. Ukaona kanyama kakuwala mbee ndi timadontho tikulutikulu, mtima umati kadya bwino, kali ndi thanzi. Komatu mwina ndi nkhokwe yodzaza imene chitseko chake chakana kutseguka, ana akugona ndi njala. Nile Red amakuonetsani kuti mafuta alipo ndiponso pamene ali. Sakuuzani ngati thupi likutha kuwagwiritsa ntchito. N'chifukwa chake ine sindijambula zithunzi zokha, ndimawerenganso mazira ndi kuona ana angati aswa.

Ndipo nkhaniyi si ya mu labotale mokha. Calanus finmarchicus, copepod wa kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, amadzaza kathumba ka mafuta m'chilimwe, n'kutsikira pansi pakuya mamita mahandiredi ambiri kukagona nyengo yozizira yonse osadya kanthu. Mafuta omwewo ndi amene amanenepetsa nsomba za herring, ana a cod, ngakhalenso anangumi ena. Mankhwala ambiri oipitsa nyanja, monga PCB, PBDE ndi ma PAH a m'mafuta a pansi, amakana madzi n'kukonda mafuta, choncho kathumba kopulumutsa moyo kaja ndi komwenso kamasonkhanitsa poizoni. Zimandipweteka mtima kuti izi zimachitikira tinyama timene anthu ambiri sadzationa n'komwe.

Zovuta za utotowu zilipo, ndipo china n'chachikulu. Umazilala msanga ukawalitsidwa, moti kanyama kojambulidwa koyamba kamaoneka konenepa kuposa komaliza ngati simusamala nthawi. Botolo limafuna kukulungidwa ndi foyilo n'kusungidwa pozizira. Acetone ndi DMSO nazonso zimavutitsa tinyama zikachuluka, ndiye pamafunika gulu lina lolandira zosungunulirazo zokha popanda mankhwala oyesedwa.

Chachikulucho ndi pulasitiki. Nile Red amamatirira pa tizidutswa ta pulasitiki mwamphamvu, mpaka akatswiri ena amamugwiritsa ntchito dala powerenga tizidutswato m'madzi ndi mumchenga. Tsono ngati mukufufuza mmene pulasitiki amasokonezera mafuta, timibulu ta pulasitiki wa polystyrene timene kanyama kameza tidzawala m'matumbo pafupi ndi timadontho ta mafuta enieni, ndipo pulogalamu ya kompyuta yoyeza kuwala idzaphatikiza zonse pamodzi. Ine ndimasamutsira tinyamato m'madzi oyera kuti titulutse za m'mimba ndisanatiike mu utoto, ndipo ndimayang'ana chithunzi chilichonse ndi maso ndisanakhulupirire nambala. Wogulitsa amene ndinagulako sanatchule vutoli pa pepala la malangizo, pamene n'lofunika kuposa zambiri zimene analembapo.

Kwa wophunzira kapena labotale yaing'ono imene ili kale ndi maikulosikopu yoyenera, ndingati gulani mosakayika, chifukwa tsiku limodzi lokha mudzadziwa ngati mankhwala anu akukhudza mafuta. Amene akufuna kusiyanitsa bwino mafuta osungidwa ndi a zikutiro za maselo aonjezere utoto wina wotchedwa BODIPY 493/503, umene umasankha kwambiri mafuta osungidwa. Koma amene akufuna kulemba kuti mafuta akwera ndi mlingo wakutiwakuti ayenera kusonkhanitsa tinyama tambiri, kuchotsamo mafutawo ndi chloroform ndi methanol, n'kuwayeza pa makina a chromatography, olekanitsa mitundu ya mafuta.