Cape Maclear: hotela yaikulu kapena malo ogona ang'onoang'ono?

Boma likamakonza mapulani a gombe la Cape Maclear ku Mangochi, njira zilipo ziwiri.

Hotela yaikulu imabweretsa msonkho wambiri ndi ntchito zolipidwa pamwezi. Koma imadya gombe lomwe asodzi a kwa Chembe amayanikapo usipa ndi kukochezapo mabwato. Zonyansa zake zikathawira m'nyanja, zovutika ndi mbuna, chonsecho nsomba zokongolazi ndizo zinachititsa kuti paki ya Lake Malawi ikhazikitsidwe mu 1980, UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, n'kuizindikira mu 1984 ngati malo ofunika kwa dziko lonse lapansi.

Malo ang'onoang'ono, ngati a pachilumba cha Mumbo pafupi ndi Cape Maclear, salemba anthu ambiri, zoonadi. Komabe sapanikiza nyanja, ndipo wopalasa bwato amapezako kangachepe. Ine ndingasankhe amenewa, bola boma lizilondera kuti pasapezeke woponya ukonde m'mamita 100 otetezedwa kuchokera kugombe la paki.