Mapu apakhoma a zilumba za Caribbean: mayina afotokozedwa bwino, pulasitiki ndiyo ikugwetsa ulesi

Mapu awa akupezeka m'masitolo a mabuku ndi zolembera ku Nchalo ndi ku Ngabu. Ndi a mita imodzi mulitali, masentimita 70 mulifupi, okutidwa ndi pulasitiki. M'munsi mwake muli kabokosi kofotokoza kumene mayina a malikulu a mayiko anachokera, ndipo kabokosi kameneka ndiko koyenera ndalama zanu.

Pa Roseau, likulu la Dominica, alemba zoona: dzinali ndi la Chifalansa, limatanthauza bango, chifukwa Afalansa anapeza bango lambiri m'mbali mwa mtsinje umene umathira m'nyanja pamenepo. Mwana wokulira m'madambo a Shire sachedwa kuligwira. Koma aiwala kunena kuti eni nthaka, a Kalinago, anali kale ndi mudzi wawo pamalopo, wotchedwa Sairi. Za Bridgetown ku Barbados zili bwino: Angerezi atafika mu 1628 anapeza kamlatho (bridge m'Chingerezi) komangidwa ndi anthu akale a pachilumbapo. Nassau, likulu la Bahamas, nayo yalondola, kuti poyamba inali Charles Town ndipo mu 1695 inapatsidwa dzina la banja la Mfumu William III ya ku England.

Pa Port-au-Prince, likulu la Haiti, ndipo pathamangidwa. Alemba motsindika kuti dzinali linachokera ku sitima yotchedwa Le Prince, pamene akatswiri a mbiri sagwirizana pa zimenezo. Chotsimikizika ndi chakuti Afalansa anakhazikitsa mzindawu mu 1749. Vuto lalikulu kuposa apa nlakuti Dominica ndi Dominican Republic azipaka utoto umodzi, choncho ophunzira amapereka Santo Domingo, likulu la Dominican Republic, ku dziko lolakwika. Aphunzitsi, zungulizani limodzi mwa mayiko awiriwa ndi cholembera chosafufutika. Onjezeraninso kuti kuyambira 1936 mpaka 1961 Santo Domingo ankatchedwa Ciudad Trujillo, dzina la wolamulira wankhanza wa dzikolo. Kuti ana amvetse za kusintha mayina, akumbutseni kuti Nsanje inali Port Herald.

Pulasitikiyo njopyapyala, sinapangidwire kuno kuchigwa. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapyola madigiri 40 pansi pa malata, guluu amafewa ndipo m'makona mumayamba kumatuka. Dzinja likafika chinyezi chimalowera pomwepo, pepala nkuchita nkhungu. Musanapachike, matani tepi yoonekera ya masentimita 5 m'mbali zonse zinayi, theka kutsogolo theka kumbuyo. Mangirirani kamtengo kowongoka pamwamba ndi pansi, kuti mapu alendewere osakhudza khoma, poti chiswe chimadzera m'khoma la njerwa zosawotcha. Khoma loyang'ana zenera lipeweni. Utoto wofiira ndi wachikasu ndiwo umayamba kufwifwa. Posunga, kulungani, osapinda.

Musanalipire, tambasulani mapuwo pa kauntala ndi kuwerenga tizilembo ta zilumba zazing'ono za kum'mawa. Pa mapu ena inki inamwazikana, moti Roseau ndi Castries, likulu la Saint Lucia, siziwerengeka.