Etymonline tayiyesa ndi mawu amodzi: south

Etymonline ndi tsamba la pa intaneti lofotokoza komwe mawu a Chingerezi anachokera. Analiyambitsa ndi Douglas Harper wa ku America mu 2001. Kuwerenga n'kwaulere, mumangopirira timalonda totulukira m'mbali, ndipo poti zambiri ndi zolemba, silidya bandulo kwambiri. Pofuna kuona ngati lingathandize mphunzitsi, womasulira kapena mwana wa Fomu 4, talisanthula ndi mawu oti south, amene ife timati kumwera.

Mukalemba south m'kabokosi kofufuzira, choyamba kukumana nacho ndi suð, mmene mawuwa ankalembedwera m'Chingerezi chakale zaka zoposa 1,000 zapitazo. Chilembo chachilendocho si d, chimaimira th. Kenako pamabwera *sunthaz, ndipo ambiri amapunthwa pomwepa. Kanyenyezi kali kutsogoloko kakutanthauza kuti mawuwo sanapezeke olembedwa paliponse. Akatswiri anangowabweza m'mbuyo poyerekeza zilankhulo zapachibale: Süd wa Chijeremani, zuid wa Chidatchi, suðr wa anthu akale a ku Scandinavia. Wokopera mawuwo n'kusiya kanyenyezi wasandutsa kuyerekeza kukhala umboni. Zaka zimene tsambali limapereka nazonso n'zofuna kusamala. Zimanena nthawi imene mawu anapezeka koyamba papepala, osati tsiku limene anthu anayamba kuwayankhula, ndipo c. kutsogolo kwa chaka ndiye kuti "cha m'ma".

Chokoma chenicheni chili pa tanthauzo loyambirira. Tsambali likuti mwina south ndi wachibale wa sun, dzuwa, ndiye kuti kumwera kunali "mbali ya dzuwa". Mawu oti mwina alembedwamo ndithu, ndipo ife tikuwayamikira pamenepo, chifukwa ambiri olemba za chiyambi cha mawu amakonda kulumbira pa zinthu zimene sanaone. Koma mwana wa ku Blantyre mukamuuza kuti kumwera ndi mbali ya dzuwa adzakuyang'anani modabwa, ndipo sakulakwa. Eni chilankhulochi ankakhala kumpoto kwa dziko lapansi. Ku London, madigiri 51 kumpoto kwa ikweta, dzuwa la masana limakhala kumwera chaka chonse. N'chifukwa chake wogulitsa nyumba kumeneko amanyadira dimba loyang'ana kumwera. Blantyre ali pafupifupi madigiri 16 kumwera kwa ikweta. Tulukani panja 12 koloko masana mu Juni: dzuwa lili kumpoto, chithunzithunzi chanu chagwera kumwera. Limapendekerako pang'ono kumwera kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro a Febuluwale basi. Ku Johannesburg ndiye dzuwa la 12 koloko silipitako n'komwe. Oika masola amadziwa izi, mapanelo kuno amawalozetsa kumpoto. Wophunzitsa afotokoze yekha zimenezi, apo ayi ana asokonezeka.

Ife mbali imeneyi sitinaitche ndi dzuwa koma ndi mphepo. Mwera ndi mphepo ija imavundula nyanja m'miyezi yozizira, asodzi n'kukokera mabwato kumtunda, ndipo komwe imachokera ndiko kumwera, monga mmene mpoto unatipatsira kumpoto. Azungu nawo amatcha mphepo ndi komwe ikuchokera: south wind ndi mphepo yochokera kumwera, osati yopita kumeneko. Msampha uli pa southerly. Akamanena za mphepo ndi yochokera kumwera, koma akamanena za ulendo, in a southerly direction, ndiye kulowera kumwera. Mawu amodzi, njira ziwiri zotsutsana. Womasulira zanyengo pa wailesi akasokoneza apa wamutumiza msodzi pa madzi olakwika.

Tsambali limalemba mofupikitsa, choncho zina muyenera kulumikiza nokha. Mwachitsanzo, n wa mu *sunthaz anapita kuti? Makolo a Chingerezi anataya n akakhala kutsogolo kwa th, f kapena s, n'kutalikitsa liwu lapakamwa (a, e, i, o, u) lotsalalo. N'chifukwa chake Mjeremani amati Mund, fünf, Gans pamene Mngelezi amati mouth, five, goose. Ndiye panatsala "suuth". Pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700 katchulidwe ka Chingerezi kanasintha kwambiri, uu wautali n'kukhala au, monga zinachitikiranso ndi house ndi mouse. Mukatsata maulalo a mawu achibale pansi pa tsambalo, chithunzichi chimayamba kuoneka, koma pamafunika kudekha.

Mayina a malo ndiye amasangalatsa. Ku England, Sussex ndi dziko la Asaxon (mtundu wina wa makolo a Angelezi) a kumwera, Suffolk ndi anthu a kumwera. Sutherland ali kumpoto kwenikweni kwa Scotland, chonsecho dzina lake ndi "dziko la kumwera", chifukwa analitcha ndi anthu ochokera ku Norway amene ankaliyang'ana ali ku zilumba za Orkney. Sud wa Chifalansa, sur wa Chisipanishi ndi sul wa Chipwitikizi anabwerekedwa ku zilankhulo za banja la Chingerezi lomweli. Choncho wa ku Tete akamati África do Sul, akutchula mbale wake wa south.

Pamene tsambali silingakuthandizeni ndi pa katchulidwe ndi kagwiritsidwe ka lero, ndipo eni ake amanena poyera kuti chiyambi cha mawu si tanthauzo la mawu. South amatchulidwa "sauth", lilime pakati pa mano popanda kunjenjemeretsa kukhosi. Southern si "sauthani" ayi: amayamba ndi "sa" wamfupi, th wake ndi wa mu mother. Kuti mumve ndi khutu pitani pa Oxford Learner's Dictionaries kapena Cambridge Dictionary, komwe kuli kabatani komvetsera katchulidwe ka ku Britain ndi ka ku America. Komweko mupezanso zimene zimadyetsa ana malikisi pa mayeso. South Africa ndi dziko limodzi, ku Joni kuja. Southern Africa ndi chigawo chonse cha kuno kumwera kwa Africa. South of Malawi ndi kunja kwa malire, chakumunsi kwake, pomwe in the south of Malawi ndi ku Nsanje, Mulanje kapena Zomba. Chilembo chachikulu chimabwera pokhapokha likakhala dzina, monga South Sudan, dziko limene linaima palokha mu 2011, kapena the South ya ku America, zigawo zimene zinamenyana ndi za kumpoto kuyambira 1861 mpaka 1865. Global South, dzina lotchulira mayiko ongotukuka kumene, sitsata kampasi: India ili kumpoto kwa ikweta koma imawerengedwamo, Australia ili kumwera koma mulibe.

Pali ndi zining'a ziwiri zofunika kuzidziwa. Mmereka akati bizinesi went south, sakunena za ulendo. Yalowa pansi, mwina poti pa mapu kumwera kumakhala kumunsi. Southpaw ndi wamanzere, makamaka pa nkhonya, uja amatsogoza dzanja ndi mwendo wamanja, lamanzere n'kulisungira chibakera chachikulu.